Nankhonya Sanasudzulidwe

Masiku amene sitima inkaima pa Luchenza n'kumatsitsa anthu ndi mitolo ya nzimbe, ukatsika n'kulowera msewu wafumbi wa ku Thuchila, choyamba kukulonjera chinali kulira kwa nyundo. Kumeneko kunali amisiri osula. Lero tikulimira makasu a m'sitolo opepuka ngati chibekete, koma kale khasu ukaliona unkadziwa kuti ili ndi dzanja la uje. Senderani pafupi, nkhani iyi siifuna kukweza mawu.

Panali amuna awiri oyandikana mapoloti, Makwinja ndi Sipiriyano. Onsewa anaphunzira kusula kwa munthu mmodzi, a Khoromana, amalume ake a Makwinja. A Khoromana anakalambira m'shedi ya esiteti ina ya tiyi, ndipo m'shedimo munali chinyundo cha makina chimene chinabwera pa sitima makolo athu ali makanda. Chinali chachitali kuposa munthu, chakuda, chopindika msana ngati mayi woweramira mtondo. Pamwamba panali gudumu lodutsa lamba, pansi panali thabwa lopondera. Ukaponda thabwalo mutu wachitsulo unkatsika n'kumenya, ukachotsa phazi unkaima.

A Khoromana anachitcha Nankhonya ndipo ankati ndi mkazi wawo. Anthu ankaseka. Koma akazi awiri amene mkuluyo anakwatirapo anachoka okha, aliyense pa nthawi yake, ndipo onse ananena mawu amodzi: m'banjamo muli kale wina.

Palibe ankamukhudza Nankhonya. Anyamata awiri aja ankavukuta moto ndi kugwira mbaniro, koma wina akangoyandikira, a Khoromana ankatembenuka, thonje lili m'makutu, n'kunena motsitsa: “Manja kumbuyo, mwana iwe.” Anali amanzere, dzanja ndi phazi lomwe, moti thabwa lija linakumbika dzenje lofanana ndi phazi lawo lamanzere.

Amisiri a kumeneko ali ndi mwambo wawo. Wosula akamwalira, nyundo zake zimatsala ngati akazi amasiye, ndipo wina sazigwira mpaka zitasudzulidwa. Mwana wa mlongo wa malemu amagulula mipini yonse, poti ndi mmene munalowa thukuta la mwini wake, n'kuitentha. Akaika mipini yatsopano, nyundoyo ndi mfulu, ikhoza kupita kwa mwamuna wina. A Khoromana atamwalira, Makwinja anachita zimenezi ndi nyundo zawo zonse zamanja. Koma Nankhonya anali wa esiteti. Shedi inatsekedwa, malata anauluka ndi mphepo, ndipo palibe anakumbukira kuti nayenso ali ndi mtengo wake womwa thukuta, thabwa lopondera lija.

Sipiriyano anapita ku Joni. Makwinja anatsala, anakwatira Felesiya, anamanga chipala chake kuseri kwa nyumba, n'kumasula makasu ndi nkhwangwa pa chidutswa cha njanji mpaka phewa linayamba kumulirira nyengo yozizira. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankadzera dala njira yaitali, kukasuzumira pa zenera la shedi ija. Nankhonya anali chiimire m'udzu, dzimbiri litamufiiritsa. Makwinja sanauzepo munthu, koma mumtima ankati: ameneyu ndi wanga, ndi wa amalume anga, tsiku lina adzabwera kwathu.

Tsikulo linafika, koma lole inapitirira pakhomo pake n'kukaima kwa Sipiriyano. Anali atabwerako ku Joni imvi zili mbuu, ndipo eni esiteti anamugulitsa Nankhonya ngati zitsulo zakutha.

“Achimwene!” anaitana Sipiriyano pa mpanda wa nkhadze. “Tabwerani muone, mayi athu aja afika.”

Makwinja anapita akukoka miyendo. “Dzimbiri lokhalokha ili. Mudzadulemo mbaula.”

“Mbaula? Mwaiwala mmene ankaimbira? Ndimudzutsa ameneyu. Injini ya chigayo ndapeza kale. Inu muli ndi diso, ine ndili ndi injini, tizisulira limodzi pano. Phewa lanulo lipume.”

“Ndiye ndizibwera m'mawa kudzaodira kuti ndiponde chinthu cha amalume anga?”

“Kuodira kwa ndani? Nanga si tinakulira pa moto umodzi?”

“Nyundo yanga sinadandaule kuti yatopa,” anatero Makwinja, n'kubwerera kwake.

Koma diso silinabwerere. Mu mpanda uja munali mpata, ndipo Makwinja ankapezeka ali pomwepo chitsulo chikuzizira pa njanji. Anaona Sipiriyano akunyowetsa mabawuti ndi palafini mpaka atalola. Anamuona akupala dzimbiri, akuchotsa sipuling'i yothyoka n'kuikapo ya lole, akukumba dzenje n'kuyalamo mitengo yolimba ndi simenti kuti Nankhonya akhale pokhazikika. Ntchito inali yabwino, ndipo ubwino wakewo ndi umene unkamuwawa.

Tsiku lina Sipiriyano anamuitananso, atanyamula thabwa lopondera. Analitsuka n'kulipaka mafuta mpaka linkawala.

“Taonani, mlombwa weniweni. Chiswe chinachita kuuopa. Ili lokha sindisintha, libwerere pamalo pake. Phazi la mdala lija lidakalipo.”

Makwinja anayang'ana dzenje la phazi lija. Pakamwa panatseguka kuti anene za mwambo. Kenako anasintha maganizo.

“Ndi thabwa labwino,” anatero.

Zachilendo zinayamba pang'onopang'ono. Sipiriyano anali munthu woponya masipanala mu chitini akaweruka. M'mawa ankawapeza atandandalikidwa pansi, aakulu kutsogolo, onse kudzanja lamanzere la Nankhonya. Anakalipira mkazi wake, mkazi wake anakalipira mbuzi. Kenako panayamba kumveka fungo la fodya wa chingambwe pomwe pakhomopo panalibe wosuta. Sipiriyano anapaka Nankhonya penti wobiriwira. Penti anagwira bwino paliponse, kupatula malo amene iye ankakonda kutsamiritsa dzanja. Pamenepo ankasupuka, mizeremizere, ngati wina wakanda ndi zikhadabo.

Masana ena dzuwa lili paliwombo, Felesiya anabwera kuchokera kumsika nkhope itasintha.

“Bambo a Doro, ndakumana ndi mkulu wina pa kamlatho paja. Wavala ovolosi yofwifwa, ndodo ili m'manja. Akuti, ‘Mayi, mwandionerako mkazi wanga? Amuchotsa pamene ndinamusiya.’”

“Woledzera ameneyo.”

“Ayi, sikunali kuledzera. Ndamufunsa dzina la mkaziyo, sanamve. Ndakuwa, sanamve. M'makutu muli thonje. Ndipo kutentha konseku, munthu osatuluka thukuta, fumbi osamugwira kumapazi.”

Felesiya anakwatiwa a Khoromana atagona kale, sanawaonepo. Makwinja anaika mbaniro pansi.

“Ndodo anagwira dzanja liti?”

“Lamanzere. Mukumudziwa?”

“Walowera kuti?”

“Ndatembenuka kuti ndimulozere kwa anthu, pocheuka palibe.”

Makwinja anachita mantha. Koma pansi pa manthawo panali kenakake kotsekemera, ngati nzimbe yobedwa. Anatola mbaniro n'kupitiriza ntchito.

Tsiku lodzutsa Nankhonya anthu anadzaza pakhomo pa Sipiriyano. Injini inakhosomola, lamba anayenda, Sipiriyano anaponda thabwa. Gu, gu, gu. Nkhuku zinabalalika. Madala amene anagwirapo pa esiteti anavula zipewa, poti kulira kwake kunali komwe kuja. Makwinja anakhala m'chipala chake akumenya khasu, koma nyundo yake sinkamveka ngakhale kwa iye mwini. Mlimi wina amene anabwera kudzatenga nkhwangwa anati, “Ndikubwera, ndikangoona,” ndipo sanabwerenso.

Khasu limene Makwinja ankalimbana nalo m'mawa wonse, Nankhonya ankalitambasula chitsulo chisanade. Koma makasuwo akazizira ankang'aluka, onse malo amodzi, pakhosi. Sipiriyano anasintha chitsulo, anasintha makala, anasintha madzi oziziritsira. Ankang'alukabe.

Ndiyeno kunabwera kugunda kwa m'bandakucha. Sipiriyano ankachotsa lamba madzulo aliwonse n'kumupachika m'nyumba. Komabe tambala woyamba asanalire, nthaka inkagunda kamodzi kokha. Sikunali kofuula. Unkakumvera m'nthiti, ndipo madzi a mu ndowa ya Felesiya ankanjenjemera. Agalu a m'deralo sankauwa. Ankangolowa pansi pa nkhokwe.

Sipiriyano anabwera kwa Makwinja chipewa chili m'manja, maso ali psuu.

“Achimwene, ndinalakwitsa. Ku Joni kuja kunandiiwalitsa. Mdala uja sitinamusudzulire mkazi wake.”

“Inu a ku Joni mumakhulupirira zimenezo?”

“Musandiseke, kwathu sitikugona. Akazi anga akuti fodya uja wayamba kumveka kuchipinda. Mwana wa mlongo wawo ndi inu. Ine ndikatentha thabwa lija ndingotentha nkhuni. Ndithandizeni.”

Makwinja anawerengera mumtima. Akatentha thabwalo, Nankhonya adzakhala mfulu, adzamuvomera Sipiriyano, ndipo adzaimba kuseri kwa mpanda mpaka iye Makwinja atalowa m'manda.

“Chabwino,” anatero. “Koma likapsere pa moto wanga, wovukutidwa ndi mvukuto wa amalume. Ndipo mkamwini watsopano saonerera.”

Makwinja anamasula thabwalo ndi manja ake. Kanali koyamba m'moyo wake kumukhudza Nankhonya, ndipo chitsulocho chinali chofunda ngakhale chinali pamthunzi. Atafika m'chipala anatseka chitseko, anazula thabwa la khola la nkhunda n'kuliponya pa moto. Utsi unakwera, Sipiriyano anauona ali kwake. Thabwa la mlombwa lija Makwinja analikulunga m'thumba n'kulisomeka kudenga.

Madzulo Sipiriyano anatumiza tambala wothokoza. Makwinja anamudya ndithu tambalayo.

Sipiriyano anasema thabwa latsopano. Linang'ambika pakati tsiku lomwelo. Anasema lina, ndipo Nankhonya anayamba khalidwe la mkazi wokakamizidwa banja. Akaponda, mutu osatsika. Akachotsa phazi, ndi pamene unkagwa. Makwinja ankamva zonsezi ali kwake, n'kumaimba kamluzu.

Koma nakonso kwake kunayamba kumveka zina. Kugunda kwa m'bandakucha kusanafike, kudenga la chipala kunkalira kaye *kwee*, ngati mtengo ukupondedwa. Kenako nthaka kwa Sipiriyano inkayankha. Fungo la chingambwe linawoloka mpanda. Makwinja ankapeza nyundo zake zitasamukira kumanzere kwa njanji.

Felesiya ndiye analipeza thabwalo, akufunafuna pamene nkhuku yake inkaikira. Anamudikira mwamuna wake ali chikhalire pakhomo pa chipala, thumba lili pambali pake.

“Ichi n'chiyani, bambo a Doro?”

“Mwayamba liti kufufuza m'chipala?”

“Tayikani dzanja apa.” Analoza dzenje la phazi. Munali chinyontho, ndipo chinkanunkha thukuta la munthu. “Thabwa louma, denga silidontha. Akupondapo ndani?”

Makwinja analanda thumbalo.

“Mnzanu uja anakupatsani tambala,” anatero Felesiya. “Tenthani. Moto ndi uwo, ndivukuta ndine.”

“Ndikatentha ndiye kuti wapita.”

“Wapita ndani?”

Maso a Makwinja anapita ku mpanda.

“Chitsulo? Ine zaka zonsezi ndakuthowani phewa ndi madzi otentha, simunandibisepo m'thumba kuopa kuti ndipita. Usiku mumatchula dzina lake, mukudziwa? Ndinkayesa ndi mkazi wa kumsika, ndinkafuna kukamuthira mphepo. Bola akanakhala wa kumsika, ndikanadziwa pomugwira.”

“Ndi cholowa cha kwathu, mayi a Doro. Sipiriyano anangochigula.”

“Mkazi wamasiye wosasudzulidwa amalowedwa chokolo, si choncho kwanu? Ndiye mulowa inu? Mwini wake wavomera?”

Makwinja anasomekanso thumbalo kudenga, malo ena okwera.

Pasanapite nthawi, masana ena injini ili chete ndipo lamba ali m'nyumba, Sipiriyano anapisa dzanja kuti apukute pamene chitsulo chimagona. Mutu wa Nankhonya unatsika. Makwinja anamva kugunda, kenako kulira kwa mkazi wa Sipiriyano. Anathamangira ku mpanda n'kuona mnzake atagwada, dzanja atalipana m'khwapa, malaya akufiira. Nsonga za zala ziwiri zinatsala pa chitsulo. Makwinja anathandiza kumukweza pa njinga kupita kuchipatala, ndipo chisoni chinamugwira chenicheni. Koma pobwerera, maso ake anapita kwa Nankhonya asanapite kwa mkazi wolirayo.

Sipiriyano atatuluka m'chipatala anaitana amuna a m'deralo. Anagumula simenti, anagwetsa mbali ina ya mpanda, n'kumukunkhuniza Nankhonya pa mitengo ya bulugama mpaka pakhomo pa chipala cha Makwinja. Amunawo anadabwa kuti sankalemera ngati tsiku lomutsitsa pa lole. Wina anati akuchita ngati akudziyendera yekha. Palibe anaseka.

“Mayi a Doro andiuza za thabwa,” anatero Sipiriyano anthu atachoka. Sanakweze mawu. “Mukanangonena kuti mukumufuna, achimwene. Ndikanakupatsani ndili ndi zala zanga.”

Makwinja anayang'ana bandeji, kenako anayang'ana kumbali.

“Injini ndabweza kwa mwini chigayo, sindifunanso kuimva. Uyu mutengeni. Koma thabwalo tenthani musanachite china chilichonse. Mdala uja simunamuiwale. Sankagawana ndi munthu, ngakhale inu magazi ake.”

“Nditentha,” anatero Makwinja.

Ndipo ankanena zoona. Dzuwa litapendeka anatsitsa thumba, anakoleza makala, anavukuta mpaka moto unayera. Anaima ndi thabwalo m'manja. Nankhonya anali pakhomo pake tsopano, panalibenso womulanda. Koma anaganiza: kuyambira ubwana wanga sindinapondepo. Injini palibe, lamba palibe, chingachitike n'chiyani? Ndingomva mmene amalume ankamvera, kamodzi kokha, kenako lipse.

Anamangirira thabwalo pamalo pake. Anaika phazi lamanja, koma silinakhale bwino m'dzenjemo, chala chachikulu chinkagunda m'mbali. Anasintha. Lamanzere linalowa ngati mu nsapato yake yakale, ndipo munali mofunda.

Gudumu la pamwamba linasuntha lokha.

Felesiya anali kuseri akuanula zovala pamene nthaka inayamba kugunda, osati kamodzi ayi, koma motsatizana, gu, gu, gu, mosathamanga, ngati mtima wa munthu amene wafika kwawo. Anathamanga, anaima patali n'kuitana. Anaitana “bambo a Doro,” anaitana “Makwinja,” anaitana ngakhale dzina la ubwana limene mkazi satchula. Mwamuna wake anali chomupatsa msana, mbaniro ili kudzanja lamanzere, ndipo sanacheuke. Makwinja ankamva chinthu chimodzi chokha, ndipo chinali chokoma kuposa mmene ankachikumbukira.

M'mawa Felesiya anamupeza atakhala pansi, mutu atatsamiritsa pa Nankhonya, makasu atsopano ali pambali pake osang'aluka ngakhale limodzi. Anamuyankhula, mwamunayo anangoyang'ana milomo yake. M'makutu mwake munali thonje. M'nyumbamo munalibe thonje.

Felesiya anapirira mpaka mvula yoyamba. Kenako anamanga katundu wake n'kupita kwa mwana wawo Doro ku Bangwe. Anthu atamufunsa pa siteji, anayankha mawu amene akuluakulu anali atawamvapo kale kawiri: m'banjamo muli kale wina.

Sipiriyano sanagone nazo. Tsiku lina m'mawa anatenga botolo la palafini ndi machesi, n'kudutsa pa mpata wa mpanda uja. Iye sanali mwana wa mlongo, ankadziwa, koma anati bola thabwalo lichoke padziko. Makwinja anali atagwada chomupatsa msana, akupukuta Nankhonya ndi kansalu. Sipiriyano anayenda monyang'ama, ngakhale ankadziwa kuti mnzakeyo samvanso kanthu. Anawerama, anatambasulira dzanja lake lopunduka lija ku thabwa.

Makwinja anatembenuka pang'onopang'ono. Nkhope inali yake ndithu. Koma anapendeketsa mutu mwa njira imene Sipiriyano anali asanaione chichokereni unyamata, ndipo mpweya wake unali wa chingambwe.

“Manja kumbuyo, mwana iwe.”

Sipiriyano, bambo waimvi, anapezeka ataika manja kumbuyo. Botolo linagwa. Anabwerera chafutambuyo mpaka kwake, ndipo sabata yomweyo anatseka mpata wa mpanda ndi njerwa.

Sitima inasiya kutsitsa anthu a nzimbe, amisiri ena onse anamwalira kapena anayamba kuwotcherera mageti. Koma mukadzadutsa msewu wa ku Thuchila n'kumva nthaka ikugunda pamalo popanda injini, mudzaona makasu ataunjikana kuseri kwa nyumba ina mpaka kufika pa zenera. Ndi makasu abwino, simungawapezenso kwina. Palibe anagulapo ngakhale limodzi. Mwini wake salola kuti munthu awakhudze.